Takondwa, Usanakwere Ndege

Nsipe, Ntcheu
Lachinayi masana

Takondwa mwana wanga,

Lero ndaweruka msanga kumsewu. Tomato ndi kachewere ndasiyira mnzanga wa benchi yoyandikana nayo, ndabwera kunyumba dzuwa likadali pamutu. Iwe wapita ku Kandeu kukatsanzika kwa azakhali ako, ndiye m'nyumba muno muli zii. Chikwama chako chili pakhomo la chipinda, chotseka kale. Ndachiyang'ana kanthawi ndithu, kenako ndatenga pepala.

Ukudziwa kuti ine pakamwa sindisowa mawu. Amene amaimika magalimoto pabenchi yanga akhoza kuchitira umboni. Koma sabata yonseyi ndikati ndikukhazike pansi ndikuuze za kumtima, ndimangopezeka ndikukufunsa ngati watenga juzi. Ndiye ndalemba. Kalatayi ndiika m'thumba la m'mbali mwa chikwama. Usaiwerenge uli m'mwamba. Udzaiwerenge ukatera, mapazi ako atagunda dothi la eni ake.

Za maphunziro ako sindingakulangize. Wandifotokozera kangapo kuti ku yunivesite yakunjayo ukukaphunzira za injini za ndege, za mapiko ake ndi mmene mphepo imanyamulira chinthu cholemera chotero, ndiponso kuti ukamaliza ukufuna kudzakhala pampando woyendetsa. Ine ndimangogwedeza mutu ngati ndamva. Zimenezo akakuphunzitsa ozidziwa. Chimene ndili nacho ine ndi zinthu zochepa zimene ndinaona ndi maso angawa, ndipo zina mwa izo sindinazimvetse mpaka lero. Ndikupatsa zomwezo.

Ndinali kamtsikana kosatha msinkhu, tikukhala kwathu kwa Champiti, pamene ndinaona woyendetsa ndege koyamba. Inali nyengo ya bowa. Ine ndi achemwali anga a Felesiya, amayi ako aakulu aja, tinalawirira kuphiri la kuseri kwa mudzi ndi timadengu tathu. Tili mkati mozula, nkhungu inatsika. Ukuidziwa nkhungu ya kwathu kuja, siibwera pang'onopang'ono. Imangokuvundikira ngati munthu wakuponyera chitenje chonyowa kumutu. Mitengo ya masuku imene tinali pansi pake inasowa, ndipo achemwali anga ndinkangowadziwa ndi kupuma kwawo.

Kenako tinamva ndege. Masiku amenewo tindege ting'onoting'ono tinkadutsa apo ndi apo, koma m'mwamba kwambiri. Iyi inali pafupi, moti kunjenjemera kwake ndinakumva m'mano. Inalira, inalira, kenako basi. Anthu akhala akundifunsa ngati tinamva kuphulika. Sitinamve. Phokosolo linangoduka monga mmene umazimitsira wailesi munthu ali pakati polankhula.

Tinakhala pamwala titagwirana manja. Patapita kanthawi tinaona munthu akutuluka m'nkhungumo, akutsika kuchokera kumtunda. Anali bambo wamtali, wakuda ngati ife tomwe, atavala malaya oyera okhala ndi timizere pamapewa. Udzu unali wonyowa moti ife madiresi anali atatimata m'miyendo, koma buluku lake linali louma, ndipo nsapato zake zinkawala ngati akupita kutchalitchi. Anaima chapatali pang'ono, natipatsa moni mwaulemu ngati ndife akuluakulu.

"Atsikana inu, kuno ndi kuti?"

A Felesiya anagwada nayankha kuti, "Kuno ndi kwa Champiti, bambo."

Iye anapukusa mutu, koma osati mokwiya. "Ayi, mwasokoneza. Mapiri ndawadutsa kale ine. Pano payenera kukhala pachigwa."

"Muli paphiri, bambo," anatero achemwali anga.

Anayang'ana wotchi ya pamkono wake, naigogoda ndi chala. "Akundidikira," anatero. "Ndinawauza kuti ndifika asanadye nkhomaliro." Kenako anatiyang'ana, ine makamaka, nafunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi inunso mukumva kuzizira?"

Anatidutsa chapafupi, ndipo ndinamva fungo ngati la palafini. Mapazi ake sindinawamve. Anatsika, nkhungu inamutseka kumbuyo.

Tinataya madengu, tinathamangira kumudzi. Nkhungu itayera chakumasana, agogo ako aamuna ndi azibambo ena anakwera phiri. Kandegeko anakapeza katapanikizika pakati pa miyala, pansi pang'ono pa nsonga. Anati kakanakwera pang'ono chabe, ngati kutalika kwa mtengo wa bulugamu, kakanadutsa. Woyendetsayo anali pampando wake, malamba ali chimangire. Ife anatiletsa kupitako, koma tinabisala kumbuyo kwa azimayi pamene ankamutsitsa pamachira. Chitenje chimene anamufunditsa chinakokeka ndi nthambi, ndipo tinaona malaya oyera aja ndi nsapato zowala zija. Apolisi ochokera kuboma anati anafera pomwepo, sakanatha ngakhale kumasula lamba. A Felesiya mpaka lero sadya bowa. Ukawafunsa chifukwa, amasintha nkhani.

Chimene chandikhala mumtima zaka zonsezi si mantha a tsikulo, Takondwa. Ndi kutsimikiza kwa munthu uja, ndi mawu ake akuti akundidikira. Tinadzamva pambuyo pake kuti kumene ananyamukira anamuuza kuti ayambe wadikira kunja kuyere, iye n'kuti walonjeza kale. Mwana wanga, palibe munthu wokudikira amene amafuna kuti ufike pamachira. Kumwamba kukatseka, khala pansi. Ukagwira injini, mtima wako n'kukana kuti sinakhale bwino, akuluakulu ako n'kumagogoda mawotchi awo, asiye agogode. Akutche wamantha, akutche wochedwa, akutche wakumudzi. Mayina amenewo munthu amakhala nawo moyo. Usaiwale zimenezi.

Ukhoza kuganiza kuti munthu amene anaona zotere anachenjera mpaka kalekale. Ayi. Ine ndemwe ndinadzachita chimodzimodzi, ndipo iwe unalipo, ngakhale sungakumbuke, chifukwa unali m'mimba. Ndinali nditapita kumaliro kwa Champiti, pakati pali pakulu ndithu. Maliro atatha ndinagona kwa a Felesiya, m'mawa mwake n'kufuna kubwerera kuno chifukwa linali tsiku la msika. Kunja kunali nkhungu. Achemwali anga anati, "Elube, dikira kuyere, tomato sathawa." Ine ndinaseka n'kunena kuti njira yachidule ya pamtunda ndinayamba kuiyenda ndisanamere mano, ndingaiyende nditatsinzina.

Ndinayenda ndithu. Miyendo inkandiuza kuti ndikutsetserekera kumsewu, ndipo ndinkakhulupirira. Kenako ndinamva mawu kutsogolo kwanga, chakumunsi.

"Elube, tsika kuno. Njira ili kuno."

Anali mawu a achemwali anga, ndi kaseko kawo komwe kaja ka kumapeto kwa mawu. Ndinaganiza kuti anditsatira n'kundipitirira m'nkhungumo. Ndinayankha kuti ndikubwera, ndinayamba kufulumira. Pamenepo iwe unandimenya chidendene m'nthiti, mwamphamvu moti ndinaima n'kugwira m'chiuno. Nditaima ndi pamene ndinamva mtsinje. Panjira imeneyo mtsinje umakhala kudzanja lamanzere, pafupi. Uwu unkamveka kudzanja lamanja, ndipo unali pansi kwambiri, kutali.

Thupi langa lonse linkati njira ili patsogolo, ungoponda. Mtsinje unkati ayi. Mawu aja anabweranso, tsopano pafupi, osakweza, ngati munthu amene waima pambali pako pamtondo.

"Elube. Bwanji waima?"

Ndinakhala pansi pomwepo, padothi lonyowa. Ndinatseka makutu ndi chitenje n'kuyamba kuimba nyimbo ya kukwaya, imodzi yomweyo mobwerezabwereza. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Nkhungu itang'ambika ndinaona kuti zala za mapazi anga zinali m'mphepete mwa phompho lija limene ng'ombe za anthu zinkagweramo. Ndinabwerera chokwawa. A Felesiya ndinawapeza akusinja ndi anzawo, ndipo onse anati sanachoke pamtondo chichokere ine.

Chaka chatha, pamene unabwera kutchuthi, unandiuza kuti iwe ndi anzako a m'kalasi anakutengani kukaona kumene amaphunzitsira oyendetsa ndege. Unati anakulowetsa m'kachipinda kokhala ngati kutsogolo kwa ndege koma kali pansi, n'kukuikira mtambo pagalasi. Iwe unkamva kuti ukuuluka mowongoka, pamene mawotchi a patsogolo pako ankasonyeza kuti wapendekeka ndipo ukutsika. Mphunzitsi anakuuza kuti mumtambo thupi limanama. Unkafotokoza ukuseka. Ine ndinasiya kudya, iwe n'kuganiza kuti ndiwo zinali ndi mchere wambiri.

Mphunzitsi ameneyo ananena zoona. Ukadzakhala mumtambo, khulupirira mawotchiwo, osati mimba yako kapena miyendo yako. Ndipo tamvera bwino apa, chifukwa sindikulemba mwanthabwala. Ngakhale utadzamva mawu anga enieni akukuitana mmenemo, usadzatembenuke. Ine sindidzakuitana uli pantchito. Ndidzadikira utere. Amene adzakuitane ndi mawu anga uli m'mwamba si ine.

Ndipumeko pang'ono, dzanja latopa, ndinene zazing'ono ndisanaziiwale. Anzako awiri aja amene mukupita nawo, amene anabwera kudzakuona mwezi watha, ndinawaona bwino pamene ankadya chimanga chootcha pakhonde. Mnyamata wamtali uja ndi wanzeru, koma amayankha funso lisanathe. Mtsikana wa magalasi uja analankhula pang'ono, koma pamene iwe unalakwitsa penapake pa zimene munkakambirana, anakuuza pamaso panga, osakunyengerera. Unakwiya, ndinakuona. Ameneyo ndiye umugwire. Pa ntchito imene mwasankhayi mnzako weniweni ndi amene amakuuza kuti bawuti iyi sunamange bwino. Udye, ngakhale chakudya chawo chikhale chachilendo. Ugone, chifukwa iwe ukasowa tulo umaika mchere mu tiyi, ndipo sindikufuna manja otero pa injini yonyamula ana a eni. Upeze tchalitchi, ngakhale aziimba m'chinenero chimene sukumva. Za amuna tinakambirana kale ndi azakhali ako. Ndingowonjezera kuti amene adzakuuze kuti mabuku akuchepetsa ukazi wako, umuperekeze mpaka pachipata mwaulemu, n'kutseka.

Tsopano ndinene za tsiku la kwa a Gwaza. Unalipo, ukulikumbuka, koma unali mwana, ndiye sunaone zonse zimene ndinaona ine.

Unali mu sitandade folo. Anzako ankaumba miphika yadothi, iwe unkapanga ndege za mapesi. Unkasenda mapesi ndi lumo, n'kulumikiza ndi waya wa m'matayala, kumchira n'kusomeka nthenga za nkhuku. Tsiku lina unapanga yaikulu, kutalika ngati mkono wako, n'kukaiponya uli pamwamba pa chulu cha kuseri kwa khola. Mphepo inaitenga n'kuidutsitsa mpanda, iwe n'kuifuna osaipeza. M'mawa mwake tinadzuka ndi phokoso. Inali itagwera pakhomo penipeni pa a Gwaza, oyandikana nafe aja, ndipo m'nyumbamo munali mwana wawo wamng'ono, wodwala kwa masabata.

Pofika ine, anthu anali atazungulira kale. Palibe ankayandikira. Anasiya bwalo pakati, kandege kako kali chagada pakati pake, phiko limodzi litathyoka, nthenga zikugwedezeka ngakhale kunalibe mphepo imene ine ndinkaimva. Ndikuuza zoona, ine amene ndinakuona ukukapanga pakhonde langa, ndinachita nako mantha m'mawa umenewo. Maso a anthu ambiri akagwirizana kuti chinthu ndi choopsa, chimasinthadi maonekedwe. Anthu ankanong'ona kuti ndege ya afiti yagwa, mafuta aithera, eni ake athawa wapansi. Wina anati afufuze amene wadzuka ndi mabala. Wina anali atapita kale kukatenga palafini.

Akazi a Gwaza anatuluka, maso ali ofiira. Anayang'ana aliyense mmodzimmodzi, n'kufunsa kuti, "Mwana wanga wakulakwirani chiyani? Mwini wake wa ichi ndani?"

Iwe unali kumbuyo kwanga, utagwira chitenje changa. Ine ndinkadziwa yankho, koma lilime linauma. Ndinaganiza kuti ndikangokhala chete, atentha, nkhani ithera pomwepo. Kumeneko kunali kuganiza kopusa, chifukwa ana onse a m'mudzi ankadziwa amene amapanga ndege za mapesi, ndipo mmodzi anali atayamba kale kukuloza.

Amene analankhula ndi bambo ako. Nthawi imeneyo chifuwa cha kumigodi chinali chitawagwira kale, fumbi la miyala ya ku Joni litawadya mapapo, moti kuchoka pakhonde kufika pampanda ankapuma kawiri. Anthu anamva kutsokomola kwawo n'kuwapatsa njira. Analowa m'bwalo lija ndi ndodo yawo, anawerama, anakatola ndi manja awiri.

"Iyi ndi ya Nangozo, mwana wanga," anatero, akukutchula ndi mfunda monga ankachitira akakondwa nawe. "Waya uyu ndinamupatsa ndine. Ine ndege zenizeni ndakwerapo, ndikudziwa fungo lake. Iyi ikununkha mapesi a m'munda mwanga."

Anakatembenuza, n'kukayang'ana kumchira. Kenako anakuitana. "Nangozo, bwera kuno. Waona chimene chagwetsa? Kumbuyo walemeretsa. Ukapanga ina, nthenga zichepe."

Iwe unatuluka kumbuyo kwanga, unakalandira pamaso pa anthu onse aja. Bambo ako anatembenukira kwa akazi a Gwaza, anavula chipewa, n'kunena kuti, "Pepani, amayi, takuopsezani pa nthawi yovuta. Mwanayo timunyamule, tipite naye kuchipatala lero lomwe." Anapitadi naye, koma anali atachedwa. Mwanayo anamwalira sabata yomweyo. Ukudziwa zimene zinatsatira. Kwa nthawi yaitali azimayi ena ankakoka ana awo iwe ukamadutsa, ndipo ena mpaka lero, atamva za ulendo wakowu, akuti ankadziwa kale. A Gwaza eni ake sanatinenepo choipa, ndipo dzulo anabweretsa mtedza kuti ukadye panjira. Koma akazi awo sanalowenso pabwalo pathu.

Chimene ndikufuna utenge ndi ichi. Tsiku lina chinthu chimene wagwira ndi manja ako chidzalakwika. Mwina chaching'ono, Mulungu alole chikhale chaching'ono. Anthu adzachizungulira n'kufunsa kuti mwini wake ndani. Usadzachite ngati ine. Udzalowe m'bwalomo, udzachitole ndi manja awiri, udzanene kuti ndi changa, kenako udzayang'ane chimene chagwetsa. Kukhala chete sikunakuteteze tsiku lija. Anakuteteza ndi munthu amene analankhula. Pantchito yako, ukabisa kamodzi, amene adzalipire ndi anthu amene sadzadziwa n'komwe dzina lako, atakhala pamipando yawo, malamba ali chimangire. Ndabwereza dala, Takondwa, usabise.

Dzuwa layamba kupendeka, ndipo minibasi ya ku Kandeu ikhoza kukutsitsa nthawi ina iliyonse. Ndatsala ndi nkhani imodzi, ndipo ndi imene yandichititsa kuti ndikulole kupita.

Ukudziwa kuti poyamba ndinakana. Ndinalankhula mawu ambiri, ena oipa, ndipo unagona masiku angapo osandilankhula. Sindinkaopa kugwa kwa ndege kokha. Ndinkaopanso chimene dera lathu lino likuchidziwa bwino kuposa madera ena. Yenda m'midzi ya kuno, nyumba iliyonse ili ndi munthu amene anapita kukagwira ntchito kunja n'kusanduka mtchona. Sanamwalire, sanabwerere. Amalume a bambo ako anapita ku mafamu a ku Zimbabwe ali mnyamata, amayi awo n'kumasesa m'gowelo mwawo mpaka tsiku limene anaikidwa m'manda. Maliro amatha, anthu n'kumeta. Kudikira munthu wamoyo sikutha. Ndiye uziimba foni, ngakhale ulibe chonena. Usadzadikire kuti upeze kaye kanthu kobwera nako. Ambiri anachedwa chifukwa cha manyazi obwera chimanjamanja, mpaka njira inamera udzu. Iwe ukadzalephera mayeso, bwera. Ukadzadwala, bwera. Khomo lino silifunsa satifiketi.

Bambo ako anamwalira iwe uli kusukulu, ndipo unauzidwa kuti anangogona pakhonde. Ndi zoona, koma si zonse. Sindinabise chifukwa cha manyazi. Ndinkangodikira kuti ufike poti ungazisenze.

Iwo anandiuzapo kale mmene ankapitira kumigodi ali anyamata. Ankawasonkhanitsa pabwalo la ndege, atakhala pansi m'mizere, aliyense ndi bulangete lake. Kalaliki ankaima patsogolo n'kumaitana mayina. Ukamva lako unkayankha, n'kunyamuka, n'kuyenda kupita kundege osatembenuka. Ankati chimene chinkawadabwitsa n'chakuti munthu ankakukweza pamwamba pa mitambo kuti akakutsitse pansi pa nthaka.

Tsiku limene anamwaliralo linali Lachiwiri, dzuwa lili pamutu, kunja kuli mbee. Ndinali kusankha nyemba pambali pawo. Anali atagona pamphasa, atatsamira khoma. Mwadzidzidzi anadzuka n'kukhala tsonga, chinthu chimene anali atalephera kwa masabata, n'kunena ndi mawu omveka bwino, opanda chifuwa, kuti, "Amake Takondwa, ndipatseni nsapato."

Ndinati, "Mukupita kuti, bambo, ndi dzuwa limeneli?"

"Yafika. Akuitana mayina."

Ndinayang'ana kumwamba, kunalibe kanthu. Koma ndikuuza, nkhuku zonse zinali zitalowa pansi pa nkhokwe, ndipo kumsewu, kumene magalimoto sasiya kulira, sikunkamveka ngakhale njinga. Ndinawaveka nsapato. Iwo anapendeketsa mutu ngati munthu womvetsera wailesi yakutali, n'kuyamba kubwereza mayina motsitsa. Ena ndinkawadziwa. Anali anzawo a ku Kandeu ndi kwa Champiti amene anapita nawo limodzi, onse malemu, ena ofera mumgodi, ena ofera kuno ndi chifuwa chomwecho. Dzina lililonse ankaligwedezera mutu ngati akuona munthuyo akunyamuka.

Kenako nkhope yawo inasintha. Anandigwira pamkono mwamphamvu moti zala zawo zinasiya zizindikiro.

"Ayamba a Ngozo," anatero. "Khalani chete, ndimve."

Ndinafuna kuyamba pemphero, koma anakweza dzanja kundiletsa. Ndinadziwa chimene ankaopa, chifukwa a Ngozo pakhomo pano munali awiri okha, iwo ndi iwe. Anamvetsera nthawi yaitali, osapuma n'komwe. Ine ndinkangomva mtima wanga. Ndiye anayankha mokweza, monga mnyamata, kuti, "Ndilipo." Anapitiriza kumvetsera, maso ali phe, mpaka ndinaona mapewa awo akutsika. Anandimasula mkono, anatembenuka n'kundiyang'ana, akumwetulira.

"Atseka," anatero. "La Nangozo mulibe. Uyo adzakwera ina, yopita ndi kubwerera."

Anatsamiranso khoma. Kumsewu galimoto inaliza hutala, nkhuku zinatuluka. Nditawagwira pachifuwa, anali atapita, nsapato zili kumapazi. Pamaliro awo madoda anavina ngoma n'kuimba m'Chingoni chakale chija chimene ife sitichimvanso, ndipo ine ndinaima pamenepo mkono wanga uli ndi mabala a zala zawo.

Sindikudziwa chimene anamva, mwana wanga. Abusa nditawauza anati munthu akamatsirizika ubongo umabweza zakale. Mwina ndi choncho. Iwe ukupita kukaphunzira zinthu zoyezedwa ndi zowerengedwa, ndipo sindikukupempha kuti ukhulupirire zimene mayi wogulitsa tomato sangathe kufotokoza. Koma pamene ndinakukaniza, n'kukhala ndekha pakhonde lomwelo masiku aja sunkandilankhula, ndinazindikira kuti ndikutsutsana ndi mawu omaliza a munthu amene pa moyo wake wonse sanandinamizepo. Iwo anati udzakwera. Ndiye kwera. Koma ananenanso mawu achiwiri, akuti udzabwerera, ndipo amenewo ali m'manja mwako, m'mene udzamangire bawuti iliyonse, m'mene udzadikirire kunja kukatseka, m'mene udzakumbukire njira ya ku Nsipe.

Ndikumva mawu ako kumpanda, ukupatsa moni a Gwaza. Ndipinde pepalali usanalowe.

Pita bwino, Nangozo. Bambo ako usawasandutse abodza.

Ndine mayi ako,
Elube